Kulemba buku osataya ntchito panjira

Eya, moni nonse. Ndikhulupirira mukundimva, kuno ku Katoto, mu Mzuzu muno, mvula yayamba kuwaza pamalata, ndiye mawu akamasokonekera mundikhululukire. Funso lija anafunsa achemwali, loti munthu ungadziwe bwanji kuti buku lako likupita patsogolo, kuphatikizapo za mabuku oti muwerenge ndi ma podcast, mapulogalamu omvera pa intaneti aja... aa, ayi, tiyambire pa kope kaye. Kope.

Gulani kope la hadikava, lalikulu lija la A4. Kumbuyo kwake, tsamba lomaliza, jambulani mizere yotsika kuti mukhale magawo atatu: tsiku, mawu angati, ndi pomwe mwalekezera. Basi. Mukamaliza kulemba tsiku limenelo, lembanipo. Tsiku lomwe simunalembe, ikani ziro. Musadumphe, ikani ziroyo, muzimuona.

Tsono kuwerenga mawuko, ena mwayamba kale kudandaula. Simuwerenga limodzilimodzi ayi. Werengani mawu a m'mizere isanu, mugawe ndi 5, mwapeza a mzere umodzi. Tinene kuti mizere isanu ili ndi mawu 35, ndiye kuti mzere umodzi ndi 7. Tsamba lanu likakhala la mizere 30, ndi mawu 210. Mwamva? Ndibwereze. Mizere isanu, gawani, kenako chulukitsani ndi mizere ya patsamba. Mukatero kamodzi, muzingowerenga masamba. Munthu wolemba mawu 300 patsiku, masiku asanu pasabata, ali ndi 1,500 pasabata, ndipo pakatha masabata 20 wafika 30,000. Limenelo ndi kabuku kale. Komanso musadziyerekeze ndi olemba m'Chingerezi. Kwathu kuno "sindinakuuzeni" ndi liwu limodzi, iwo pomwepo awerengapo angapo, ndiye nambala yanu izioneka yaing'ono pomwe nkhani ndi yaitali.

Polemba koyamba musakonze. Mwaona kuti dzina la munthu silikukoma, lembani m'mphepete kuti "dzina", pitirirani. Alipo mnyamata wina, sindimutchula, zaka zitatu ali pa mutu woyamba. Mutu woyambawo ndi wokoma zedi, wausalaza ngati mpini wa khasu lakale, koma wachiwiri kulibe. Anauzidwa, iye amati ayi, chiyambi chikhale bwino kaye. Mpaka lero.

O, ndisanaiwale, chinyontho. Mzuzu mukumudziwa. Kope musaliike pansi kapena kutsamiritsa kukhoma, limachita nkhungu, masamba n'kumatana, inki n'kufalikira. Likulungeni mu jumbo, liikeni pamwamba. Ndipo lemberani bolopeni, osati zolembera za inki yamadzi zija.

Chabwino. Tsopano pamene pamagwera anthu ambiri, ndipo apa ndichedwapo. Kutaipa ndi kusunga.

Ambiri mutaipa pa foni. Choyamba, lowani mu settings ya kiyibodi, zimitsani autocorrect. Mukapanda kutero foni izisintha mawu a Chichewa kuwasandutsa a Chingerezi inu osaona, mudzazindikira mutafika tsamba la 40. Chachiwiri, mutu uliwonse ukhale fayilo yakeyake. Osati buku lonse mu fayilo imodzi, ayi. Fayilo imodzi ikawonongeka mwataya mutu umodzi, osati zonse. Chachitatu, dzina la fayilo. Apa mvetserani. Musalembe kuti "final". Chifukwa mawa mukonza, mulemba "final 2", mkuja "final yeniyeni", kenako "final yeniyeni yatsopano", ndipo tsiku lotumiza kwa mkonzi mutumiza yolakwika. Lembani mutu, kenako chaka, mwezi, tsiku. Mwachitsanzo mutu3, kenako 2025, 06, 14. Chaka patsogolo, mwezi pakati, tsiku kumapeto. Bwanji chaka patsogolo? Chifukwa foni kapena kompyuta ikamandandalika mafayilo potsata mayina, yatsopano imadzikhalira yokha kumunsi. Mukayamba ndi tsiku zimasakanikirana, ya pa 2 Julayi imakwera pamwamba pa ya pa 14 Juni. Ndipo ziro uja musamusiye, 06 osati 6, apo ayi Okutobala adzadumphira patsogolo pa Febuluwale.

Ndiye... eya, mukafuna kukonza kwambiri, musakonze mu fayilo yakale. Koperani, ipatseni deti ya lero, konzani m'menemo. Yakale isiyeni. Ndime yomwe mwaidula lero mudzaifuna mwezi wamawa, zimachitika kawirikawiri.

Kusunga tsono. Pali amene amati ndimadzitumizira pa WhatsApp. Achimwene, kumeneko si kusunga. Foni ikabedwa pa depoti, kapena mwasintha foni musanapange backup, kusunga mauthengawo pa intaneti, zapita. Ena amati zili pa memory card. Kakhadi kameneko kali mufoni momwemo, wakuba satulutsa kuti akusiyireni. Lamulo ndi loti malo atatu, ndipo amodzi akhale kunja kwa nyumba yanu. Kope, ndi amodzi. Foni kapena laputopu, achiwiri. Achitatu, dzitumizireni pa imelo kapena ikani pa Google Drive, amapereka 15 GB yaulere, ndipo mutu wa buku wopanda zithunzi sufika ngakhale 1 MB, sukudyerani bandulo. Chitani Lachisanu lililonse. Ikani alamu. Pasiwedi ya imeloyo ilembeni penapake, chifukwa wina anasunga bwinobwino zonse koma imelo anamutsegulira ndi mnzake, pasiwedi osaidziwa, foni itafa anangoti kakasi. Mayi wina naye, ndakatulo zaka ndi zaka mu flash imodzi, n'kukaibaya pa kompyuta ya posindikizira mapepala m'tauni, yabwera ndi vayirasi, mafoda onse asanduka ma shortcut. Anachenjezedwatu. Ndipo musaganize kuti ndi za mafoni zokha. Mukukumbuka Disembala 2015, laibulale ya Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, ku Luwinga itapsa, mabuku ankhaninkhani anathera m'moto. Ngati nyumba yonse ya mabuku inapsa, kuli bwanji kope lanu lomwe lili pafupi ndi mbaula mu Juni?

Ndabwerera pa kope dala. Mukamaliza kutaipa musalitaye. Jambulaninso masamba ake ndi foni.

Mutu ukatha, usiyeni sabata ziwiri osautsegula. Kenako uwerengeni mokweza, mukudzijambula mawu pa foni, mumvetsere mukutsuka mbale. Pomwe lilime lapunthwa, chiganizo n'chokhota. Pomwe mwayamba kuganiza za ndiwo, wowerenga nayenso adzachoka pomwepo, dulani. Makamaka zokambirana. Kuno anthu amasakaniza Chitumbuka ndi Chichewa, amayi a mumsika akhoza kukulonjerani kuti "monire" kenako n'kupitiriza m'Chichewa. Mukhoza kuika liwu limodzi kapena awiri kuti munthuyo amveke kuti ndi wa ku Chibavi konkuno ku Mzuzu, koma musadzaze tsamba, wa ku Mulanje atayika.

Za mabuku. Musafunse kuti labwino ndi liti, funsani kuti ndiphunziramo chiyani. Ofuna kuona mmene moyo wa munthu mmodzi umayalidwira kuyambira kubadwa, pezani Nthondo la Samuel Josia Ntara, la mu 1933, lomwe Cullen Young, mmishonale wa ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Koma chenjerani, mabuku akale ena ali ndi kalembedwe kakale, kolemba c pomwe ife timalemba ch. Tengani kayalidwe ka nkhani, sipelo isiyeni. Olemba mbiri ya moyo wanu, I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965, mwana wa kumpoto konkuno yemwe ananyamuka wapansi kufuna sukulu, n'kukafika ku Khartoum, kenako ku America. Onani mmene ulendo umakokera nkhani, malo aliwonse ali ndi vuto lake. Kafunseni ku National Library konkuno m'tauni. Ndiye njira yake ndi iyi: sankhani tsamba limodzi lomwe lakugwirani mtima, likopereni ndi dzanja, liwu ndi liwu, mukope lina. Kope lina, ndatero, lisasakanikirane ndi lanu, mungadzaiwale n'kuyesa mawu anu. Mukamakopera mudzaona pomwe wolemba wapuma, pomwe wadumpha zaka zisanu ndi chiganizo chimodzi.

Ma podcast, mwachidule. Kwa omva Chingerezi, World Book Club ya BBC, wolemba amayankha mafunso a owerenga pa buku lake limodzi, ndiye mumamva mmene anaganizira. Musamvere pa intaneti mwachindunji, netiweki ikadukaduka mutopa. Dawunilodani mukapeza wifi kapena pa bandulo ya usiku. Ola limodzi limatenga pakati pa 30 ndi 60 MB, kutengera mmene anaijambulira. Imodzi pasabata yakwana. Ndipo mvetserani mutalemba kale mawu anu a tsikulo, osati musanalembe, chifukwa kumva anthu akukamba za kulemba kumakoma, umadziona ngati wagwira ntchito, pomwe kumbuyo kwa kope kuli ziro.

Aa, batire yatsala pang'ono. Lachisanu likubwerali aliyense atumize chithunzi cha tsamba lomaliza lija, la masiku ndi manambala. Osati nkhaniyo ayi, tsamba la manambala lokha. Ndi ma ziro omwe.