Mawu a m'mawa: Tandisenzetsani ndowayi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu lero akuchokera pa Agalatiya 6:2, "Nyamuliranani zothodwetsa." Mumawadziwa bwino, ena munawaloweza muli ana. Ndiyambiretu ndi pempho langa kuopa kuti ena simufika kumapeto. Mayi, ngati muli ndi chotupa m'bere chimene mwakhala mukuchisisita nokha usiku osauza munthu, lero lomwe lino uzaniko wina. Musadikire kuti chiyambe kuwawa.

Sabata ino ndili paulendo wapansi. Tilipo amayi ambiri ndi abambo ochepa, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo tinanyamuka pa Kamuzu Road ku Salima kulowera kuboma la Nkhotakota potsata msewu wa M5, mtunda wopitirira makilomita 100. Okutobala ndi mwezi umene dziko lonse limakumbutsana za khansa ya m'mawere, n'chifukwa chake tavala zapinki. Ndalama zimene anthu akutiponyera panjira ndi zothandizira thiransipoti ya amayi amene amapita ku Lilongwe kukalandira chithandizo. Okutobala wa kunyanja kuno mumamudziwa. Timadzuka m'bandakucha, ikamakwana 10 koloko phula latentha mpaka kumveka mkati mwa nsapato, basi tifune mthunzi tidikire dzuwa lipendeke. Usiku timayala mphasa kulikonse kumene atilandira. Tadutsa pa Khombedza, pano tili pa Benga, ndipo mapazi anga ali matuza okhaokha.

Matuzawo ndikupirira. Chimene chandisowetsa tulo usiku wathawu ndi achemwali anga, amene anandilera mayi atatisiya. Anawachotsa bere lakumanzere, ndipo pano akulandira kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa. Tsitsi linathothoka, chakudya chikukana kulowa. Dzulo madzulo ndinawaimbira ndili wosangalala kuti ndiwauze pamene tafika, koma mawu awo anali otsika kwambiri. Anangoti, "Wayendatu mwana wa mayi. Ine lero ndangokhalira kusanza." Nditadula foni ndinakhala ndekha kuseri, mtima uli kuwawa, n'kumufunsa Mulungu kuti kodi dzuwa lonseli ndikupsa nalo lachotsapo chiyani pa ululu wa achemwali. Ngakhale nditapitirira mpaka ku Dwangwa, mpaka ku Nkhata Bay, mseru wawo ukhalabe wawo. Ndimafuna nditawalanda matendawa ngakhale tsiku limodzi lokha kuti apumeko, koma sizitheka, ndipo kusathekako kukundipweteka kwambiri sabata ino.

Mulungu sanandiyankhe ndi mawu. Anandikumbutsa pamjigo.

Mayi aliyense amene anatungapo madzi amadziwa. Ndowa ya malita 20 ikadzaza ndi makilogalamu 20 amenewo. Umapinda nkhata, kuika pamutu, kuwerama pang'ono, kenako umacheuka n'kunena kwa aliyense amene ali pafupi, "Tandisenzetsani." Mnzako amasiya zake, amagwira mbali ina, iwe mbali ina, ndowa ija n'kukwera. Zimatha pomwepo. Wokusenzetsayo salanda ndowa. Madzi amapita kunyumba kwa mwini wake, pakhosi pa mwini wake, ndipo n'chifukwa chake Paulo yemweyo pa vesi 5 akuti yense adzasenza katundu wake wa iye mwini. Koma popanda dzanja lija ndowa sichoka pansi, ndipo amene amakakamira yekha amadzipweteka msana kapena amataya madzi theka asanachoke n'komwe pamjigo.

Pamenepo mtima unakhalako pansi. Ndowa ya achemwali sindingaitenge, Mulungu sanandipatse ntchito imeneyo. Anandiika pamjigo kuti ndigwire mbali ina. Ulendo tikuyendawu suchiza munthu ndi mmodzi yemwe. Koma mayi wa ku Mkaika kapena ku Mwansambo amene wauzidwa kuti abwerenso ku Lilongwe patatha masabata atatu, m'thumba mulibe ya minibasi ya iye ndi gadiyani wake, akapeza ndalama imeneyo ndiye kuti ndowa yake yakwera pamutu. Ayenda nayo yekha, inde, koma ayenda.

Tsono ndibwerere kwa inu mayi amene mwaima pamjigo ndowa ili pansi, pakamwa mwatseka. Ndikukudziwani, chifukwa achemwali anga anali choncho. Anachipeza chotupacho akusamba, anakhala nacho miyezi yambiri osauza ngakhale ine. Nditawafunsa pambuyo pake anati, "Sichinkawawa, ndiye ndimati chiphwera chokha." Abale, khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayamba ndi chotupa chosapweteka, ndipo kusapwetekako ndi kumene kumagonetsa anthu. Enanso amaopa kuti bambo akunyumba adzati chiyani. Ena manyazi, kuti bere n'lovulira adokotala achimuna? Ena amayamba kaye kwa sing'anga chifukwa wina wawauza kuti awalodza. Ena amadziimba mlandu kuti n'chifukwa chosunga foni ndi ndalama m'kamisolo, pamene zimenezo sindizo zimayambitsa khansa. Nthawi yonse imene mwakhala chete, ndowa ija ikungodzazirabe.

Tamverani, si chotupa chilichonse chimene ndi khansa, ndipotu zambiri mwa izo si khansa. Koma amene angasiyanitse ndi achipatala, pokuyezani ndi podula kanyama kakang'ono kukapima. Mukaona chotupa m'bere, mwanabere wosatha m'khwapa, nsonga ya bere italowa mkati pamene kale sinali choncho, magazi kapena madzi achilendo akutuluka, khungu likuchita timaenje kapena chilonda chosapola, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi sabata yomweyo. Bungwe la World Health Organization limati munthu akafika kuchipatala ndi zizindikiro zotere, kupima konse kuzikhala kutatha pasanadutse masiku 60. Bungwe lomweli linati m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi padziko lonse, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Kumayiko kumene imapezeka msanga amayi ambiri amachira n'kulera zidzukulu zawo. Kuno kwathu ambiri amafika kuchipatala matenda atafika kale pa siteji 3 kapena 4, atayamba kufalikira. Matenda ndi amodzimodzi, thupi ndi limodzimodzi, koma ife timachedwa kuitana wotisenzetsa. Ndipo abambo musaganize kuti nkhaniyi yakulambalalani, chifukwa mwa odwala 100 aliwonse pamatha kupezeka mwamuna mmodzi.

Nenani, mayi. Uzani mwana wanu wamkulu, uzani mlamu wanu, uzani alangizi azaumoyo a m'mudzi mwanu, uzani amayi busa. Pamjigo palibe amene anasekedwapo chifukwa chopempha kusenzetsedwa.

Koma mawuwa sakulankhula kwa mwini ndowa yekha. Kwenikweni akulankhula kwa ife amene taima pambali manja ali m'chiuno. Pamjigo pamakhala anthu ena, mumawadziwa, amene amaona bwinobwino kuti mnzawo wawerama kale, nkhata ili pamutu, koma amapitiriza macheza mpaka atchulidwe dzina. M'mipingo mwathu tatengera khalidwe limeneli. Timadziwa kuti amayi uje asiya kubwera ku Chigwirizano, ku Dorika, ku kwaya, tamva kuti amamanga mpango ngakhale m'nyumba chifukwa tsitsi linatha, koma timati tidikire atiuze okha. Tikakumana nawo timati, "Mukafuna chilichonse mudzanene." Abale anga, munthu amene wasanza tsiku lonse alibe mphamvu yolemba mndandanda wa zimene akufuna. Wosenzetsa wabwino safunsa kuti ndigwire pati. Amaona ndowa, amagwira. Pitani mukawatungire madzi enieniwo. Kawasinjireni chimanga, kawaphikireni phala limene lingalowe, tengani ana awo akagone kwanu usiku wa tsiku la kemo. A banki m'khonde, thumba lanu la zadzidzidzi lisamadikire maliro. Timasonkha msanga ya bokosi, koma ya minibasi yopita ku Lilongwe munthu ali moyo timazengereza. Sindikunena mokalipa, ndikunena chifukwa ndaona mmene achemwali amawerengera ndalama usiku woti mawa anyamuka.

Panjira pano taona anthu osenzetsa. Mayi wina wogulitsa mandasi pa Khombedza anatithamangira n'kuponya m'mbale ndalama imene ndikhulupirira inali phindu lake lonse la m'mawa umenewo. Anati mayi ake anapita ndi matenda omwewa, ndipo pamudzi ankangoti chilonda cha kubere, osadziwa dzina lake. Anyamata a kabaza amatinyamulira zikwama osalipiritsa. Ena amatiseka, amafunsa kuti tikulipidwa zingati. Sindiwakwiyira, ndimangopemphera kuti tsiku limene ndowa idzakhale yawo pasadzasowe wogwira mbali ina.

Pali china chimene timaiwala. Ndowa simangofuna wosenzetsa, imafunanso wotula. Mayi akafika pakhomo khosi litauma, amaitana wa m'nyumba kuti amutule, ndipo apa ndikulankhula nanu abambo. Mkazi wanu akabwera kuchipatala bere limodzi palibe, amayang'ana nkhope yanu asanayang'ane pagalasi. Amayi ena amakana opaleshoni imene ikanawapulumutsa poopa kuti banja litha, ndipo mantha amenewa sanangowalota, anaona anzawo akusiyidwa. Pa ukwati munalonjeza pamaso pa Mulungu ndi ankhoswe kuti mudzakhala naye podwala ndi pamoyo wabwino. Nthawi yake ndi imeneyi. Mutuleni mkazi wanu. Pitani naye kuchipatala, khalani gadiyani, muuzeni ndi pakamwa panu kuti akadali mkazi wanu. Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi munthu wosalankhula zambiri, koma anaphunzira kutsuka bala ndi kuphika phala ali ndi imvi. Achemwali akamanena za iwo, mawu aja otsika amakwerako.

Ndipo kwa ife okonda pemphero, inenso ndili momwemo, tisamuuze wodwala kuti kupita kuchipatala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Tisamuuze kuti ataye mankhwala chifukwa tamusanjika manja. Namwino amene amafufuza mtsempha pamkono wa achemwali nayenso ndi dzanja limene Mulungu waimika pamjigo. Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina owotchera khansa, ndipo odwala ankayenera kupita kunja, ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India, ambiri osakwanitsa. Amayi athu anapita akulakalaka chithandizo chimene ife lero tikuchipeza kuchipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Tipemphere ndithu, tisale kudya ngati mzimu watero, koma m'mawa mwake timukweze minibasi. Ndipo amene wayamba kemo asalekeze panjira chifukwa choti akumvako bwino kapena wafooka. Pamenepo mpamene akufunika wogwira mbali ina kuposa tsiku loyamba lija.

Ine ndikadali wofooka m'mawa uno, sindibisa. Ndikuopa zimene adokotala adzanene achemwali akamaliza mankhwalawa. Ndikawaimbira ndimalimbitsa mawu, ndikadula ndimalira. Dzulo usiku mayi wina wachisilamu amene tikuyenda naye, wamkulu kwa ine, anandipeza kuseri kuja. Sanandifunse kanthu. Anabweretsa beseni la madzi ofunda amchere n'kundiuza kuti ndiviike mapazi, iye n'kukhala pambali panga mpaka misozi inatha. Kenako anandiuza kuti naye anachotsedwa bere zaka zapitazo, ndipo lero ndi uyu akuyenda nafe pa phula la Okutobala. Ndinabwera paulendowu kudzasenzetsa ena, koma nanenso ndili ndi ndowa yanga, ndipo Mulungu sanaiwale kundiimikira munthu.

Choncho mayi wa chotupa chija, musalole dzuwa la lero lilowe musanauze munthu. Ndipo nonse amayi, zolowerani kudziyeza mawere kamodzi pamwezi, patangopita masiku ochepa mutatha kusamba kwa kumwezi, kuti mudziwe thupi lanu ndipo chachilendo chikabwera muchizindikire msanga. Phunzitsaninso atsikana anu.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuthokozani potidzutsa amoyo. Mukumbukireni mayi amene wadzuka lero ndi chinsinsi m'chifuwa mwake, mutsegulireni pakamwa, ndipo amene amuuzeyo mumupatse mtima wofatsa ndi miyendo yofulumira. Kumbukirani amene akwera minibasi m'mawa uno kupita ku Lilongwe, amene akudikira zotsatira, amene chakudya chikuwakana. Kumbukirani achemwali anga, lero phala lilowe. Limbitsani manja a anamwino ndi madokotala. Fewetsani mitima ya abambo amene ayamba kuganiza zochoka. Ndipo ife amene tikulowera ku Mkaika ndi ku Chia mutiteteze ku magalimoto ndi ku dzuwa, tikafike ku Nkhotakota tonse. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Amen.