Tsitsi tizilipesa lonyowa kapena louma?

Mwaswera bwanji amayi ndi asisi nonse a pagulu pano. Ndati ndingojambula mawu kuchokera ku saluni kuno ku Chibavi, chifukwa funso la dzulo lija, loti tsitsi tizilipesa lonyowa kapena louma, mwayankhana mosiyana kwambiri. Ena akuti madzi ndiwo amadula tsitsi, ena akuti ayi. Onse akunena zoona, koma akunena za tsitsi losiyana.

Ndiyambe ndi ife a tsitsi lachilengedwe, lopotanapotana ili. Chonde musalipese louma. Tatengani tsitsi limodzi muliike pa pepala loyera, muona kuti lakhotakhota kambirimbiri, ndipo pokhota paliponse ndi pofooka. Likauma gwa limakolana ndi linzake, ndiye chipeso chikamadutsa mumamva kuti the, the, the. Kulira kumeneko ndi tsitsi likuduka, amayi. Mukayang'ana paphewa mupeza tizidutswa tifupitifupi titachita kuti mbwee.

Komanso sindikuti mupese madzi akuchucha. Tsitsi limamwa madzi ambiri, mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 3 a kulemera kwake, ndipo likakhuta choncho limafufuma n'kumatamuka ngati mphira wa legeni. Mukakoka kwambiri silibwereranso, limathera pomwepo. Chofunika ndi chinyezi basi, kuphatikiza ndi chinthu choterera.

Ndiye chitani chonchi. Gawani mutu zigawo 4, kapena 6 ngati tsitsi ndi lambiri, chilichonse mumange pachokha. Masulani chimodzi, poperani madzi ofunda pang'ono ndi kabotolo kopopera kaja, kenako pakani kondishina wokwanira mpaka zala zizitererapo. Musaumire kondishina, amene amaumira amalipira ndi tsitsi. Ngati watha, mafuta a kokonati pang'ono pa tsitsi lachinyezi amathandizako. Dikirani mphindi 5 kuti lifewe.

Yambani ndi zala, chipeso chidikire kaye. Zala zimamva pamene pali mfundo, chipeso sichimva kanthu, chimangong'amba. Mukaipeza mfundo, ikokereni m'mbali pang'onopang'ono, tsitsi limodzilimodzi lizituluka. Ikakanika zenizeni, iduleni ndi sizasi yakuthwa pamwamba pake pomwepo, kusiyana ndi kuizula ndi mphamvu. Mukatero tengani chipeso cha mano akuluakulu otalikirana. Dzanja lina ligwire chigawocho pakati kuti khungu lisakokeke, ndipo muyambire kunsonga. Kunsonga, asisi, osati kutsinde! Mukayambira kutsinde mukukankhira mfundo zonse malo amodzi. Kunsonga kukayera, kwerani pang'ono, kenako pang'ono, mpaka mufike pakhungu. Chigawo chatha, chipoteni kapena chilukeni chisanaume, apo ayi chikolananso muli pomwepo.

Inu amene munapaka mankhwala owongola tsitsi, nkhani yanu ndi ina. Mankhwala aja anafooketsa kale tsitsi, ndiye likanyowa limafooka kawiri. Mukatsuka, finyani ndi tisheti yakale, osapukuta mokhula ndi thaulo, mulisiye litsale pang'ono kuuma, mupake timafuta, kenako mupese mofatsa. Samalani kwambiri pamene tsitsi lomera kumene lakumana ndi lowongoledwa lija. Pamalire amenewo ndi pamene limadukira.

Tsopano apa ndi pamene ndimamva chisoni kwambiri, pa nkhani yomasula meshi. Munthu amabwera misozi ili m'maso, tsitsi litagwirana chigulu chimodzi, chifukwa anangomasula n'kuthamangira kubafa ndi shampu. Mvetsetsani: tsiku lililonse munthu amathothoka tsitsi pakati pa 50 ndi 100, n'chilengedwe. Mukakhala ndi meshi masabata 6, ndiye kuti tsitsi loposa 2,000 lathothoka koma lilibe kogwera, langotsakamira m'malukomo limodzi ndi litsiro ndi mafuta akale. Mukathira madzi ambiri musanalichotse, limapiringizana ndi lamoyo lija, ndipo nthawi zina chotsala n'kumeta basi. Choncho luko lililonse mukamasula, pakani timafuta patsinde pali kalitsiro koyera kaja, kamasuleni ndi zala, pesani, kenako mupite pa lina. Madzi abwere mutamaliza mutu wonse. Ndipo musadzidzimuke ndi mulu umene utsale m'manja. Tayang'anani: ngati tsitsi ndi lalitali ndipo kumapeto kuli kadontho koyera, lathothoka lokha, palibe vuto. Lalifupi lopanda kadontho ndilo laduka.

Kuno ku Mzuzu tilinso ndi vuto la kuzizira, makamaka mu Juni ndi Julayi. Tsitsi limachedwa kuuma, ndiye ntchito imeneyi muzichita m'mawa dzuwa likatuluka, osati usiku kenako n'kumanga duku pamutu ponyowa.

Pa nkhani ya ana ndiye ndikupempheni. M'mawa wopita kusukulu, mwana akunjenjemera, inu mwamupana pakati pa mawondo ndi kachipeso ka mano ang'onoang'ono, iye akulira, inu mukuti ndi wamwano. Si mwano, zikumupweteka. Mupeseni Loweruka mosafulumira ndi madzi ofunda ndi kondishina, mumuluke mizere yosakoka kwambiri pachipumi, ndipo sabata yonse muzingopopera timadzi ndi kupaka timafuta m'mizeremo.