Mawu a M'mawa: Tchalitchi cha Zigamba

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Khristu? Lero tiwerenge 1 Petro 2:5, pamene mtumwi akutitcha miyala yamoyo yomangira nyumba ya Mulungu.

M'chaka cha 1818, wansembe Jean-Marie Vianney anatumizidwa ku Ars, kamudzi ka ku France ka anthu pafupifupi 230. Tchalitchi chimene anachipeza chinali chakale, chopanikiza, chooneka kuti eni ake anachitaya kalekale. Wina akanati tigwetse, tiyambe china. Iye sanatero. Anamanga nsanja ya belu ya njerwa, kenaka n'kumaboola khoma la m'mbali kuti awonjezere tizipinda topemphereramo, kamodzikamodzi, malinga ndi zimene zapezeka m'thumba: ka Amayi Maria, ka Yohane M'batizi, ka Filomena Woyera. Bambo Vianney atamwalira mu 1859, anthu anamanga tchalitchi chachikulu chokongola, koma chakalecho sanachigwetse, anangochilumikiza. Mpaka lero wolowa m'chachikulucho angathe kudzera m'kachisi wa zigamba yemwe uja.

Ine zigambazo ndi zimene zimandigwira mtima. Pitani pa tchalitchi chilichonse cha kumudzi chimene chakhalitsa, muyang'anitsitse khoma. Njerwa za pansi zasiyana mtundu ndi za pamwamba. Pena pakuoneka kuti panali zenera, analitseka. Guwa limene kale linali logundana ndi khoma analisunthira kutsogolo utatha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, wa 1962 mpaka 1965, kuti wansembe aziyang'anana ndi anthu. Pa chiundo cha khomo mwala unachita kusalala, osati ndi mmisiri ayi, ndi mapazi a anthu amene mayina awo sitiwadziwa. Ndipo ngati tchalitchicho chinapatulidwa ndi episkopi, funani timitanda m'makoma, 12 kapena tinayi, pamalo pamene anadzoza mafuta a Krisima. Ambirife takhala pafupi nato zaka ndi zaka osatiwona, maso ali pa wotchi kudikira kuti ulaliki uthe.

Khoma lija analidzoza ndi mafuta omwewo amene anakudzozani inu pa ubatizo. Nanga bwanji mukuchita manyazi ndi moyo wanu chifukwa uli ndi ming'alu ndi zomatamata? Mmisiri wathu sagwetsa nyumba poti yakalamba. Amaboola apa, n'kuwonjezera kachipinda apo, ndipo pobowolapo pamapweteka ndithu.

Ku Ars komweko kunali mlimi wina amene popita ndi pochokera kumunda ankasiya khasu pakhomo, n'kulowa, n'kukhala chete kutsogolo kwa tabernakulo, kabokosi kosungiramo Ukaristia. Milomo yake sinkagwedera n'komwe. Bambo Vianney atamufunsa chimene ankauza Ambuye nthawi yonseyo, mlimiyo anati: "Ndimangomuyang'ana, Iyenso amandiyang'ana."

Ambuye Yesu, mwala wa pangodya, pitirizani kumanga pamene munalekezera dzulo mwa ife. Amen.