Timu ya Dziko Ikalandira Mphunzitsi Watsopano, Tiziyang'ana Chiyani pa Bwalo?

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. A mfumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, monire mose. Ndilankhula m'Chichewa kuti tiyendere limodzi, poti muno muli anzathu ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe akhala nafe ku Mzuzu kuno chifukwa cha ntchito.

Munandipempha kuti ndilankhule za rugby chifukwa ana athu ayamba kuikonda. Loweruka akumasowa pakhomo, mukafufuza muwapeza pa kanema ku Chibavi kapena ku Katoto, akuonera Springboks ya ku South Africa. Akabwerako ndiye mkangano: mphunzitsi uyu ndi katswiri, uyu achoke. Ine nkhani yanga ili pamenepo. Timu ya dziko ikalandira mphunzitsi watsopano, ochemerera timafuna kupambana Loweruka lomwelo. Iye amakhala akukonza zinthu zomwe sizioneka msanga. Ndikufuna tichoke pano tikudziwa kuziona zinthu zimenezo ndi maso athu, kuti tikamamuyamika kapena kumudzudzula tizikhala ndi zifukwa.

Kwa amene simunaonepo masewerawa, mwachidule: timu imakhala ndi osewera 15, asanu ndi atatu akutsogolo, amene ndi madzadza okankha, ndi asanu ndi awiri akumbuyo, amene ndi aliwiro. Amasewera mphindi 80. Mpira supatsidwa ndi manja kupita kutsogolo, koma kuumenya ndi phazi n'kololedwa. Ukakaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani, imeneyo ndi try, mapointi 5, ndipo ukaumenya n'kudutsa pakati pa mitengo amakuwonjezera 2. Penate ndi mapointi 3. Pa benchi pamakhala anthu 8. Benchiyo muikumbukire, tibwererako.

Springboks imene ana athu akuitamandayi inali pa mavuto posachedwapa. Mu 2016 inagonja kwa Italy, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Mu 2017 New Zealand inaikwapula 57 kwa 0. Tangoganizani, dziko lomwe linali litatenga kale chikho cha dziko lonse kawiri, mu 1995 ndi mu 2007, kutuluka m'bwalo lopanda ngakhale pointi imodzi. Mphunzitsi Allister Coetzee anachotsedwa kumayambiriro kwa 2018, m'malo mwake munalowa Rassie Erasmus, kutatsala chaka ndi theka kuti chikho cha ku Japan chiyambe.

Masewero ake oyamba anagonja kwa Wales 22 kwa 20 ku Washington. Chaka chonse cha 2018 anasewera masewero 14, anapambana 7 okha. Theka. Ife timadzidziwa mmene timachitira Flames ikagonja kawiri motsatizana: mafoni pa wailesi amangoti mphunzitsi achoke. Sindikunyoza, mtima wa wochemerera umapweteka zenizeni, nanenso umandipweteka. Koma munthu woyang'anitsitsa chaka chimenecho akanaona kuti pansi pakumera kanthu. Pa masewero oyamba a Siya Kolisi ngati kaputeni, ku Ellis Park, England inali ikutsogola 24 kwa 3, koma anyamatawo sanamwazikane, anapambana 42 kwa 39. Mu September anakagonjetsa New Zealand kwawo komwe ku Wellington, 36 kwa 34. Timu yomwe chaka chathacho inangogwetsa manja inali itaphunzira kupirira.

Za Kolisi ndiimepo pang'ono. Anali munthu wakuda woyamba kupatsidwa ukaputeni wa Springboks, mnyamata wokulira mu umphawi ku Zwide. Ochemerera ena ankafuna timu yofanana ndi anthu a dzikolo, ena ankangofuna kupambana, ndipo magulu awiriwa ankakokana. Mphunzitsi watsopano amalowa m'mikangano yotere, imene sanaiyambitse iye. Kusankha kaputeni ndi gawo la ntchito yake, ndipo kumaonetsa komwe akufuna kupita asananene n'komwe.

Tsopano tione za pabwalo. Anyamata atatu inu a kutsogoloku, tabwerani. Iwe wapakati, tambasula manja, uwakolowekere m'mapewa a anzako. Inu a m'mbali mugwireni mwamphamvu m'chiuno. Weramani, msana uwongoke, mutu usagwere pansi, mawondo apindike. Mwaona amayi? Uwu ndi mzere woyamba wa scrum. Kumbuyo kwa atatuwa kumabwera ena asanu, onse akukankha nthawi imodzi, ndipo kutsogolo kwawo kuli asanu ndi atatu a timu ina akukankhanso. Mphamvu yonseyo imadutsa m'khosi ndi m'msana mwa atatuwa. Mmodzi akangotsetsereka phazi kapena kugwetsa phewa, scrum imagwa, woyimbira amapereka penate. Penateyo ndi mapointi 3, kapena mpira umamenyedwa kutali mpaka pakhomo pa adani. Khalani pansi anyamata, zikomo, ndipo musakachite zimenezi panokha kudambo popanda wokuyang'anirani, khosi silichedwa kuvulala.

Erasmus anamanga timu yake pa chinthu chimenechi. Pa masewero otsiriza a chikho cha 2019 ku Yokohama, anthu ambiri ankati England itenga, poti inali itangogonjetsa New Zealand. Koma scrum ya England inabwerera m'mbuyo mobwerezabwereza. Mmodzi wa okankhawo anali Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare, amene mabwalo amamufuulira kuti Beast. Mapenate ambiri Handré Pollard ankawasandutsa mapointi, yekha anapeza 22. Ma try awiri a Makazole Mapimpi ndi Cheslin Kolbe anabwera kumapeto, adani atatheratu mphamvu. Anapambana 32 kwa 12. Ana athu amakumbukira ma try awiriwo, koma anawalima ndi anthu a scrum.

Chimene chinkakwiyitsa ochemerera kwambiri chinali kumenya mpira m'mwamba. Faf de Klerk, wamfupi wa tsitsi lalitali uja, amatola mpira kumbuyo kwa mulu wa anthu, m'malo moupereka kwa aliwiro amaumenya m'mwamba kuti ugwere kwa adani. Anthu ankadandaula kuti akutaya mpira, akuwononga masewero. Koma taganizirani munthu amene akudikira mpirawo. Maso ali kumwamba, mpira ukuzungulira, ndipo akumva mapazi a anthu awiri akumuthamangira. Akauphonya, scrum ndi ya South Africa, chinthu chomwe akuchifuna. Akaugwira, amugwetsa pomwepo, m'dera lakwawo, ndipo akalakwitsa pamenepo penate ili pafupi ndi mitengo yake. Choncho mpira umene timati watayidwa umakhala wagula malo. Ife a ku Mzuzu tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa ena, chifukwa mvula yathu mukuidziwa, mpira ukanyowa umaterera, ndipo timu youponya kwambiri ndi manja m'dera lake imadzipha yokha.

Kutchinga nakonso kunasintha. Jacques Nienaber, amene ankaphunzitsa kutchinga, anawauza kuti asamadikire adani, azithamangira kutsogolo onse pamodzi, ngakhale a m'mphepete azilowa mkati. Njira imeneyi ikakhala yatsopano imasiya mpata m'mbali, ndipo mu 2018 adani ankadutsadi pamenepo. Wochemerera amaona try ya adani n'kunena kuti mnyamata wa m'mphepete sadziwa malo ake. Pomwe mnyamatayo akuchita zimene wauzidwa, kungoti anzake sanazolowere nthawi yonyamukira. Mlimi safukula mbewu mlungu uliwonse kuti aone ngati yamera, amayang'ana ngati nthaka yayamba kung'aluka. Kwa mphunzitsi watsopano, kung'alukako ndi kuona cholakwika chomwecho chikuchepa masewero ndi masewero.

Ndinati tibwerera ku benchi. Mwachizolowezi anthu 8 aja amakhala akutsogolo 5 ndi akumbuyo 3. Ku Japan, Erasmus anayamba kuika akutsogolo 6 ndi akumbuyo 2, ndipo mu 2023 ku France iye ndi Nienaber, amene panthawiyo anali mphunzitsi wamkulu, anafika pa 7 ndi mmodzi, ngakhale pa masewero otsiriza a chikho. Cholinga n'chakuti adani akatopa, kulowe gulu lina la madzadza la mphamvu zonse. N'kuika moyo pachiswe, chifukwa akumbuyo awiri akavulala palibe wolowa m'malo. Ku France anapambana masewero atatu otsiriza ndi pointi imodzi imodzi: France 29 kwa 28, England 16 kwa 15, New Zealand 12 kwa 11. Sindinganene kuti zonse zinali nzeru, mwayi unalipo ndithu. Koma timu yomwe ili ndi mphamvu m'mphindi 20 zomaliza ndi imene mwayi umaipeza ili chilili.

Musandimve ngati ndikuti mphunzitsi aliyense watsopano tizingomupembedza. Ayi. Australia inachotsa Dave Rennie mu January 2023, miyezi yochepa chikho chisanayambe, n'kubweretsa Eddie Jones, munthu wa mbiri yaikulu amene anafikitsapo Australia ndi England pa masewero otsiriza. Anthu anasangalala. Iye anasiya akuluakulu monga Michael Hooper ndi Quade Cooper, natenga anyamata osazolowera, kaputeni n'kumasinthasintha. Anagonja kwa Fiji, Wales inawakwapula 40 kwa 6, ndipo kwa nthawi yoyamba Australia inatulukira mu ndime ya magulu. Pa masewero 9 anapambana 2, kenako anatula pansi udindo. Apa ochemerera anali ndi chifukwa chokwiyira, pakuti sunkaona chinthu chimodzi chimene chikukula. Mlungu uno njira ina, mlungu wamawa ina. Kusiyana kwa Erasmus wa 2018 ndi Jones wa 2023 sikunali pa kugonja, onse ankagonja. Koma Erasmus ankagonja akubwereza njira imodzi mpaka anyamata aigwire.

Komanso zimene anthu amayembekezera zimatengera dziko. Scott Robertson anatenga New Zealand mu 2024 atapambana zikho ndi timu ya kwawoko ya Crusaders zaka 7 zotsatizana. Chaka chake choyamba anapambana masewero 10 pa 14, koma kwawoko anthu ankang'ung'udza, chifukwa All Blacks, timu ya dzikolo, ikagonja kanayi amati chaka chaipa. Masewero 7 a Erasmus anali chiyembekezo, 10 a Robertson anali dandaulo. Ndiye musanaweruze mphunzitsi, dzifunseni kuti timuyo waipeza pati. Ndipo ngakhale wopambana sakhala chimodzimodzi: Erasmus atabwereranso pa mpando mu 2024 anabweretsa Tony Brown wa ku New Zealand kuti timu iyambe kuthamanga ndi mpira, chifukwa adani anali ataiphunzira njira yakale ija.

Kwa ine nkhani yondikhudza kwambiri ndi ya aneba athu a ku Zimbabwe. Timu yawo ya Sables, pansi pa mphunzitsi Piet Benade, inagonjetsa Namibia 30 kwa 28 ku Kampala mu July 2025, n'kupeza malo ku chikho cha dziko lonse cha 2027 ku Australia. Anali atapitako komaliza mu 1991. Alibe ndalama za South Africa, alibe benchi ya madzadza 7. Mphunzitsi wa dziko lotere sangakopere njira ya Springboks, amayenera kuyang'ana anthu amene ali nawo n'kuwapezera njira yawo. Izi zikutikhudza ifenso. Ana athu ambiri ndi opepuka thupi koma aliwiro, ndipo pali rugby ya anthu 7 mbali iliyonse, ya mphindi 7 chigawo chilichonse, imene Kenya yatchuka nayo ndipo imaseweredwa ku Olympics. Mphunzitsi wa ana athu akayamba ndi imeneyo, kapena ndi yongokhudzana popanda kugwetsana, makolo musati akuwachedwetsa. Akuteteza makosi awo uku akuwaphunzitsa kupatsana mpira. Ndipo mwana akagunda mutu n'kumaoneka wozunguzika, atuluke tsiku limenelo, asabwererenso ngakhale alire, mupite naye kuchipatala. Mphunzitsi wochita zimenezi mumugwire dzanja, ngakhale timu igonje.

Achinyamata, ntchito yanu ndi iyi. Loweruka mukapita kukaonera, mmodzi atenge kope ndi cholembera. Alembe mapenate amene timu yanu yapereka, makamaka m'dera lake. Alembe kuti pa scrum ndi pa lineout, paja amaponya mpira kuchokera m'mbali anthu n'kudumpha, mpira wawo anautenga kangati, anautaya kangati. Ena muyang'ane mpira ukamenyedwa m'mwamba ngati pali ouuthamangira, kapena ngati wangotayidwa anzake ataima. Mphindi 20 zomaliza muone timu imene yayamba kuyenda ndi manja m'chiuno. Mukatero masewero atatu kapena anayi, mudzaona nokha ngati mphunzitsiyo akumanga kapena akungoyesayesa, ndipo makope amenewo mubwere nawo tikadzakumananso, tidzawaonere limodzi.

A tcheyamani, ndaona amayi awiri akweza manja kalekale pa nkhani ya kuvulala ija. Ndiyambe ndi iwo.