Nyanja ikafiira, poizoni wake sachoka ndi moto

[Pa sikirini: gombe, madzi ofiira, nsomba zakufa zili mbwee pamchenga]

Moni nonse, takulandiraninso. Tawaonani madzi awa a m'nyanja yamchere. Si magazi, si penti wotayidwa ndi fakitale ayi, imeneyi ndi ndere. Koma osati ija yoterera pamiyala, iyi ndi tizomera toyandama, tating'ono zedi toti popanda maikulosikopu simungatione. Timakhalamo masiku onse ndipo zamoyo zambiri za m'nyanja zimadya tomweti, vuto limayamba tikaswana mopyola muyeso, mamiliyoni mu lita imodzi, mpaka madzi kusintha mtundu. Pachingerezi amati red tide koma dzinali limapusitsa, pena madzi amabiriwira, pena amaoneka oyera bwinobwino koma poizoni ali momwemo.

Chimayambitsa nchani? Kwambiri ndi feteleza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'masuweji, zonsezi zimathira nayitrojeni ndi fosiforasi m'madzi. Nde muphatikize kutentha ndi bata, ndere imangoti laponda lamphawi. Pena zimachitika zokha mwachilengedwe, koma ife anthu tikuwonjezera nkhuni.

Tsono mvetserani apa, chifukwa mpamene pagona nkhani. Pali nkhono zija za zigoba ziwiri, ma mussel, ma oyster, ma clam. Kudya kwake nkusefa madzi, usana ndi usiku zikungosefa, ndere yapoizoni ija nkumatsalira m'thupi. Nkhonoyo payokha ili bwinobwino, sinunkha, kukoma kwake nkomweko. Wodyayo ndi amene amaziona.

[Pa sikirini: mapu a Canada]

1987, Prince Edward Island ku Canada. Anthu oposa 100 anadwala atadya ma mussel, atatu anamwalira. Poizoni wake ndi domoic acid ndipo amalimbana ndi ubongo, moti ena mwa omwe anapulumuka anatsala ndi vuto loiwala mpaka kalekale, zakale akukumbuka koma zomwe wawauza posachedwapa zapita. Ine chimenechi chimandiopsa kuposa kutsegula m'mimba kulikonse, mbale imodzi basi.

Chaka chomwecho ku Champerico, Guatemala, anadwala anthu 187, anamwalira 26, atadya ma clam. Uku kunali poizoni wa gulu la saxitoxin. Amayamba ndi dzanzi m'milomo ndi lilime, mwina pasanathe mphindi 30, kenako zala, manja, miyendo kulemera, zikafika poipa minofu yopumira imangosiya ntchito munthu ali maso. Mankhwala ochotsa poizoniyu palibe, kuchipatala amangomuika pa makina opumira mpaka thupi litamutulutsa lokha.

Ndikudziwa wina akuti aaa ine ndimaphika zipse. Pepani, sizithandiza. Muwiritse, mukazinge, muike mufiriji, muthire mandimu, poizoni ameneyu sasuntha chifukwa si kachilombo koti kafe ndi moto, ndi kemiko. Chimodzimodzi poizoni woyambitsa matenda otchedwa ciguatera, amene amapezeka mu nsomba zikuluzikulu za m'nyanja zotentha ngati barracuda. Kansomba kadya ndere, nsomba yokulirapo yadya kansombako, yaikulu yadya iyoyo, poizoni akungounjikana. Wodwalayo akagwira chinthu chozizira amamva ngati chikumuwotcha, ndipo ena zimawavuta kwa miyezi.

[Pa sikirini: makola a nsomba panyanja]

Nanga asodzi ndi alimi a nsomba? Nsomba yakutchire imatha kuthawa, ya mukhola ithawira kuti. Mu 2016 ku Chile ndere inapha nsomba za salmon zoposa 20 miliyoni, mu 2019 kumpoto kwa Norway zinafa pafupifupi 8 miliyoni. Ndere ina imawononga ziwalo zopumira za nsomba, ina siikhala ndi poizoni nkomwe, imangofa nkumira, mabakiteriya poiwoletsa nkumaliza okosijeni yense m'madzi. Ku Elands Bay ku South Africa zikatero ma lobster, omwe ali ngati nkhanu zikuluzikulu, amachita kutuluka m'nyanja wapansi, mulu pamchenga, kuthawa madzi opanda mpweya, nkukafera padzuwa.

Ndiye pali kutseka usodzi. Mu 2015 ku California anachedwetsa kwa miyezi nyengo yogwira nkhanu za Dungeness chifukwa cha domoic acid uja, mabwato ali padoko, ngongole zikudikira. Ndipo mbiri ikamveka ogula amayamba kuopa chilichonse cha m'nyanja, ngakhale chomwe chilibe vuto. Zowawa inde, koma ine sindingawadzudzule otsekawo, chifukwa njira yodziwira ndi imodzi yokha, kutenga nkhono kupita nazo ku labu.

Madzi opanda mchere nawonso musawaone choncho. Mu 2014 mzinda wa Toledo ku America, anthu pafupifupi 400,000 anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi chifukwa cha ndere ya mu Lake Erie, ndipo asawiritse, kuwiritsa kumangopangitsa poizoni kuchuluka mphamvu madzi akamauma.

Chomaliza chomwe ambiri amalakwitsa, amaona nyanja yayera nkumati zatha tiyeni tikatole. Ayi ndithu. Ma mussel amatha kuyera pakapita masabata, koma pali mtundu wina wa clam, butter clam, womwe umasunga saxitoxin mpaka zaka ziwiri ndere itapita kalekale.