Dazi la pa unyamata: nsatsi, mapiritsi kapena mpala?

[Babashopu ku Ndirande. Wofotokoza wakhala pampando, nsalu ili m'khosi, makina ometera akulira.]

Za dazi langali sindinadziwire pagalasi ayi, anandiuza ndi wometa. Anazimitsa makina, n'kuweramira kukhutu kwanga ngati akufuna kundibwereka ndalama, amvekere: "Achimwene, laini ija tiibwezeko kumbuyo pang'ono, m'makonamu mulibe chogwira." Ndinali ndi zaka 24. Ndinaseka, n'kulipira, koma kuyambira tsiku limenelo chipewa ndinkavula pogona basi. Ngakhale kutchalitchi ndinayamba kukhala benchi lakumbuyo kuti pasakhale wondiyang'ana paliwombo.

Ngati inunso mwayamba kujambulitsa zithunzi mutapendeketsa mutu, khalani pansi tikambirane.

[Kamera ikuonetsa mutu kuchokera pamwamba.]

Tsitsi kuthothoka si nkhani. Aliyense limamugwa, tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, lina n'kumera. Dazi lachibadwa limayenda mwina. Thupi la mwamuna limatenga gawo la homoni yachimuna ya testosterone n'kulisandutsa homoni ina yotchedwa DHT. Kwa ena a ife, mizu ya tsitsi la kutsogolo ndi paliwombo siigwirizana ndi DHT ameneyu. Muzu umayamba kufota. Tsitsi likagwa, lolowa m'malo mwake limamera lowonda ndi lalifupi, lotsatiralo n'kuwonda kuposa pamenepo, mpaka patsale cheya ngati cha khanda. Kenako mbee. Tsitsi la m'mbali ndi kunkhongo DHT samalisuntha, n'chifukwa chake agogo adazi amakhalabe ndi kampanda kozungulira mutu.

Kwathu kuno amati ukafuna kudziwa mutu wako wamawa, yang'ana amalume. Chilipo choona, chifukwa china mwa zimene zimachititsa dazi munthu amatengera kwa mayi ake. Koma kuchimuna nakonso kumaponyapo zake, ndiye amalume asasenze mlandu okha. Chipewa sichiyambitsa dazi, kumetameta sikuliyambitsa, ndiponso sikulichiritsa. Zoti wadazi ndi wachuma timangosekerana, ngakhale mu 2017 apolisi a ku Mozambique anachita kuchenjeza anthu amuna adazi angapo ataphedwa chakuno ku Milange, kungowoloka pa Muloza, ati m'mitu mwawo muli golide. Ine m'mutu mwangamu muli ngongole zokhazokha.

Musanagule chilichonse, onetsetsani kaye kuti ndi dazidi. Dazi limayambira m'makona kapena paliwombo, pang'onopang'ono, osayabwa. Pakakhala chigamba choyabwa, chofundukula, tsitsi likuthyokera m'munsi, mwina ndi chipere. Chigamba chozungulira ngati ndalama yachitsulo, chosalala bwinobwino, chobwera mwadzidzidzi, ndi nthenda ina imene thupi limalimbana ndi mizu yake yomwe. Tsitsi looneka ngati ladyedwa ndi njenjete apa ndi apo limatha kukhala chizindikiro cha chindoko. Mukadwala kwambiri, monga tayifodi kapena malungo aakulu, tsitsi limatha kuyoyoka mutu wonse pakapita miyezi 2 kapena 3, koma limabwerera lokha. Enanso ndi madiredi omanga mokoka kwambiri. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo chake. Yambirani ku chipatala cha m'dera lanu, kaya ku Zingwangwa, ku Ndirande kapena ku Limbe, ndipo kukafunika akutumizani kwa madokotala a khungu ku Queens.

[Wofotokoza akutulutsa kabotolo kopanda chizindikiro m'thumba.]

Aka ndiye kanandidyera zaka ziwiri. Ndinakagula kwa munthu wina m'mbali mwa msewu ku Limbe, wandilonjeza kuti pakutha mwezi ndidzafuna chipeso. Kanali kakuda, konunkha ngati matayala opsa. Katatha ndinapita ku mafuta a nsatsi, kenako madzi a anyezi, moti mayi anafika pondifunsa ngati ndayamba kugona kukhitchini. Nsatsi zimafewetsa tsitsi limene lilipo, izo n'zoona, koma DHT sizimukhudza. Ndalama zake sindidandaula nazo kwambiri. Chimandiwawa ndi nthawi, chifukwa muzu umene ukungofota kumene ungathe kudzutsidwa, koma umene wauma kwa zaka, pakhungu n'kuchita kunyezimira, palibenso mankhwala opaka kapena akumwa amene angaubwezeretse.

Mankhwala amene anayesedwa mokwanira pa dazi la amuna alipo awiri.

Oyamba ndi minoxidil. Poyamba anali mapiritsi a BP, madokotala n'kuona kuti odwala akumera tsitsi paliponse, ndipo mu 1988 dziko la America linavomereza opaka pamutu. Amuna ambiri amagwiritsa ntchito a 5 peresenti, kawiri patsiku, pakhungu louma, osati pa tsitsi. M'masabata oyambirira tsitsi limatha kugwa kuposa kale, ndipo apa mpamene ambiri amataya botolo. Dikirani. Kusintha kumaoneka pakadutsa miyezi 3 mpaka 6, makamaka paliwombo. Ena amamva kuyabwa, ena sawathandiza n'komwe. Ndipo ngati pakhomo pali mphaka, botolo libiseni, kwa mphaka ndi poizoni.

Achiwiri ndi finasteride, piritsi la 1 mg kamodzi patsiku, lomwe linavomerezedwa pa dazi mu 1997. Ili ndiye limalimbana ndi gwero lenileni: limatsitsa DHT m'magazi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo kwa amuna ambiri dazi limaima pomwe lafikapo. Koma tisabisane, abale anga. Amuna ochepa amadandaula kuti chilakolako chatsika kapena mphamvu za kuchipinda zachepa. Ambiri zimabwerera akasiya kumwa, koma alipo amene amati zinapitirira. Ena amamva kukhumudwa mumtima. Mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka, lingathe kuvulaza mwana wamwamuna ali m'mimba. Ndiye awa si mankhwala ogawana ndi mnzako kapena oitanitsa kwa munthu wa pa Facebook. Onanani ndi dokotala, akulembereni, mukagule ku famase yolembetsedwa ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA.

Chimene ogulitsa sanena ndi ichi: onse awiriwa ali ngati lendi. Mwezi umene mwasiya, nyumba mwatuluka. Tsitsi lonse limene mankhwala anagwirira limayoyoka pasanathe chaka. Ndiye musanayambe, werengerani mtengo wa botolo kapena paketi kuchulukitsa ka 12, kenako muganizire zaka khumi. Mukayamba, muzijambula mutu mwezi uliwonse, malo omwewo, kuwala komweko, chifukwa galasi la tsiku ndi tsiku limanama.

Palinso opaleshoni yozula mizu kunkhongo n'kuidzala kutsogolo, monga timachitira ndi mbande za fodya. Ambiri amakachitira ku Istanbul, ku Turkey, ndipo ndi madola masauzande, kuphatikizapo ndege. Tsitsi lodzalalo limakhalitsa, koma lakale lozungulira limapitiriza kutha ngati simukumwa mankhwala. Pa khungu lathuli muziganiziranso zipsera zotupa zija zimene ena amatuluka akangotemeka pang'ono.

[Wofotokoza akusisita mutu wake.]

Ine pofika kwa dokotala paliwombo panali patapita kale. Ndinawerengera ndalama, n'kusankha mpala. Sabata yoyamba anzanga ku Chilomoni anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Yachiwiri anatopa nazo. Chibwenzi changa chinangoti bola pano ndikuoneka nkhope, kusiyana ndi chipewa chija chinali chitayamba kununkha thukuta.

Mpala nawo uli ndi malamulo ake. Musalole kukandidwa ndi lezala kunkhongo ngati mumatuluka tizilonda, timatha kusanduka zotupa zosatha. Makina apukutidwe ndi spiriti inu mukuona, kapena gulani anuanu muziyenda nawo. Ndipo dzuwa la mu October pa Blantyre pano silisewera ndi mutu wopanda kanthu, apo ndiye chipewa chili ndi ntchito yeniyeni.

[Wometa akuyandikira, makina ali m'manja.]

WOMETA: Achimwene, lero tipange bwanji?

WOFOTOKOZA: Mwayamba liti kufunsa? Chotsani chipesocho, mudutse ponseponse. Koma kunkhongoko pang'onopang'ono.

[Makina akuyamba kulira.]