Harry Houdini ndi chinsinsi cha chigubu cha mkaka

[Chithunzi: Houdini ali mu unyolo]

Harry Houdini, katswiri wa masewero odzimasula atamangidwa, sankadziwa ufiti ayi. Zonse zimene ankachita zinali luso la manja, mphamvu za thupi ndi zipangizo zokonzedwa mwanzeru. Anabadwira ku Budapest, m'dziko la Hungary, pa 24 March 1874, dzina lake Erik Weisz, ndipo anakulira ku America. Dzina la Houdini analitenga kwa katswiri wa matsenga wa ku France, Robert-Houdin.

Poyamba ankangoonetsa masewero a matsenga a makadi, ndalama zake zosakwana n'kudya komwe. Zinthu zinasintha mu 1899 pamene Martin Beck, mkulu woyendetsa mabwalo a zisudzo, anamulangiza kuti alimbikire zodzimasula mu unyolo. Apa Houdini anali ndi mwayi: maunyolo ambiri a apolisi a nthawi imeneyo ankatsegulidwa ndi kiyi wa mtundu umodzi. Akamamumanga ndi chingwe, ankafufumitsa chifuwa ndi kulimbitsa minofu. Akangopumira kunja, chingwe chija chinkakhwepa.

[Chithunzi: chigubu chachitsulo, maloko 6]

Tiyeni tione bwino sewero la mu 1908, lomwe anayamba kulionetsa mumzinda wa St. Louis ku America. Chigubu chachikulu chachitsulo, chonga cha mkaka, ankachidzaza madzi mpaka kukamwa. Houdini n'kulowamo chonjuta, madzi n'kusefukira pansi. Chivundikiro ankachitseka ndi maloko 6, kenako n'kukoka katani. Asanalowe ankapempha anthu kuti nawonso agwire mpweya. Pasanathe mphindi, ambiri anali atalephera kale, mitima ili m'mwamba.

Chinsinsi chinali pakhosi pa chigubu. Misomali yolumikiza khosilo ndi thupi la chigubu inali yongonamizira. Oonerera akamayang'anitsitsa maloko, sankapeza vuto chifukwa malokowo anali enieni. Koma munthu wa m'kati akakankha ndi mapewa, khosi ndi chivundikiro zinkanyamuka pamodzi, maloko ali chitsekere. Akatuluka, ankabwezera zonse m'malo mwake.

Ngozi yake ili pomwepo. Chitsulo chikangopindika pang'ono, khosi limakanirira. Mu 1930 wamatsenga wina, Genesta, anamwalira pa sewero lomweli chifukwa chigubu chake chinali chitaphwanyika pochinyamula. Chonde, musayese zimenezi kunyumba, ngakhale mumgolo wa madzi.

Anthu ena atayamba kumutsanzira, mu 1912 Houdini anabweretsa sewero lina ku Berlin, m'dziko la Germany: ankamulowetsa chadodolido mu thanki yagalasi yodzaza madzi, miyendo itapanidwa. M'zaka zake zomaliza analimbana kwambiri ndi anthu onama kuti amalankhula ndi mizimu ya akufa, n'kumaulula njira zawo poyera, chifukwa ankadyera masuku pamutu amasiye.

Mu October 1926, ku Montreal m'dziko la Canada, mnyamata wina wa pasukulu anamumenya nkhonya pamimba asanakonzeke. Houdini anapitiriza masewero ngakhale thupi linali litatentha kwambiri. Apendikisi yake (kachiwalo kolumikizana ndi matumbo) inaphulika, ndipo anamwalira mumzinda wa Detroit ku America pa 31 October, ali ndi zaka 52.